Makope a Walt Whitman: kumupeza mlakatuli asanamalize kuganiza

Pa tsamba lina la kakope kolowa m'thumba la jekete pali mawu olembedwa ndi pensulo. Wolembayo akuti iye ndi mlakatuli wa akapolo, ndiponso wa eni akapolowo. Mzere wotsatira akuti ndi mlakatuli wa thupi. Wachitatu anangouyamba, "ndipo ndine", dzanja n'kuima pomwepo. Kenaka akuyambiranso: mlakatuli wa thupi, mlakatuli wa mzimu, woyenda ndi akapolo mofanana ndi mmene amayendera ndi ambuye awo, woima pakati pawo kuti onse amumve chimodzimodzi.

Mwini kakopeko ndi Walt Whitman, mlakatuli wa ku America amene anabadwa mu 1819 ku Long Island, m'chigawo cha New York, n'kumwalira mu 1892 ku Camden, New Jersey. Mukatsegula buku lake la Leaves of Grass, limene linatuluka koyamba mu 1855, mlakatuli wa thupi ndi wa mzimu mumupeza, ndipo mizere iwiriyo ndi ina mwa yodziwika kwambiri m'ndakatulo za Chingelezi. Koma akapolo ndi ambuye awo pamalo amenewo palibe. Anatsala m'kope.

Kakopeko kali ku Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America mumzinda wa Washington, ndipo masamba ake anajambulidwa onse n'kuikidwa pa intaneti. Palibe cholipira, palibenso kulembetsa dzina. Ine ndinakaona pa foni, usiku, ndikukulitsa chithunzi ndi zala ziwiri mpaka chilembo chimodzi kudzaza sikirini yonse. Ndakatulozo ndinali nditaziwerenga kale m'buku, koma usiku umenewo ndi pamene ndinazindikira kuti buku losindikizidwa limationetsa munthu atasamba kale n'kutchena, pomwe kope limatilowetsa kuchipinda iye akadasankha zovala.

Kuti munthu apindule ndi zithunzi zotere, ayenera kudziwa mmene makopewo analembedwera, njira imene anadutsa kuti afike pa sikirini, komanso zimene chithunzi sichingaonetse.

Munthu wa mapepala

Whitman anasiya sukulu ali ndi zaka pafupifupi 11 n'kukaphunzira ntchito yosindikiza. Anaphunzitsako m'masukulu a kumidzi, kenaka anakhala mtolankhani ndi mkonzi wa nyuzipepala. Kuyambira 1846 ankakonza Brooklyn Daily Eagle, ndipo ntchitoyo inamuthera kumayambiriro kwa 1848 atasemphana ndi mwini nyuzipepalayo pankhani yoletsa ukapolo kufalikira m'madera atsopano a dzikolo. Chaka chomwecho anakagwira ntchito miyezi itatu ku New Orleans, mzinda umene anthu ankagulitsidwa pamsika poyera.

Munthu wokulira m'nyumba yosindikizira mabuku amaona pepala ngati chipangizo, osati chinthu chopatulika. Whitman ankalemba paliponse: kuseri kwa maenvelopu, pa mafomu a msonkho otsalira a mzinda wa Williamsburgh, pa mapepala apinki amene anatsala atakutira makope ena a buku la 1855. Mzere ukapanda kukhala bwino pamalo pake, ankaudula ndi lumo n'kukaumata kwina, kapena kuubaya ndi phini. Buku lakelo sanalisiye kulikonza moyo wake wonse. La 1855 linali ndi ndakatulo 12 zopanda mitu, ndipo anasindikiza makope pafupifupi 795 ndi ndalama za m'thumba mwake, pa makina a abale a banja la Rome ku Brooklyn, masamba ena akuyala zilembo yekha. Lomaliza, la 1891 mpaka 1892, linali ndi ndakatulo pafupifupi 400.

Zolemba pamanja zimene anapereka kwa osindikiza mu 1855 kulibe. Mwiniwake atakalamba anafotokoza kuti zinakhala zaka zingapo ku shopu ya osindikiza aja, kenaka zinasowa mwangozi, mwina zinakolezera moto kapena zinapita kwa ogula mapepala akutha. Ife tikanati zinakakulungira mandasi. Madzi akatayika saoleka, ndipo n'chifukwa chake timakope timene tinapulumuka tili ndi mtengo wotere: ndi tokhato timene tingationetse mmene mtolankhani wamba wa zaka za m'ma 30, amene ndakatulo zake zoyambirira zinali zosasiyana ndi za anzake, anasandukira mwini mizere italiitali yopanda malire imene inasintha kalembedwe ka ndakatulo m'Chingelezi.

Ulendo wa makope khumi

Whitman atamwalira, chipinda chake m'nyumba ya pa Mickle Street ku Camden chinali chodzaza mapepala mpaka pansi. Anali atasankha anzake atatu kuti ayang'anire zolemba zake: Horace Traubel, amene ankamuchezera pafupifupi tsiku lililonse n'kumalemba zokamba zake, Richard Maurice Bucke, dokotala wa ku Canada, ndi Thomas Harned, loya amenenso anali mlamu wake wa Traubel. Atatuwa anagawana mapepalawo. Kugawanaku n'kumene kunayambitsa mutu waukulu kwa ofufuza, chifukwa magawowo pambuyo pake anagulitsidwa, kupatsidwa mphatso ndi kumwazikana. Lero zolemba za Whitman zili m'malaibulale oposa 30. Tsamba limodzi la ndakatulo likhoza kukhala ku Duke University, lotsatira lake ku University of Virginia, pomwe kope limene munayambira ganizolo lili ku Washington.

Harned anapereka gawo lake ku Library of Congress mu 1918, ndipo mwa zinthu zimenezo munali makope 24. Dziko la Japan litaphulitsa doko la sitima zankhondo za America la Pearl Harbor mu Disembala 1941, akuluakulu a laibulaleyo anaopa kuti Washington nayonso iphulitsidwa. Mkulu wake nthawiyo, Archibald MacLeish, analinso mlakatuli. Zikalata za ufulu ndi malamulo a dzikolo anazitumiza ku Fort Knox, malo otetezedwa ndi asilikali, ndipo mabokosi zikwizikwi a mabuku ndi zolemba pamanja anakawabisa m'masukulu a ukachenjede a ku Virginia ndi Ohio. Katunduyo atabwerera mu 1944, makope khumi a Whitman kunalibe. Kunasowanso kanthu kena kooneka kachabechabe, gulugufe wa katoni.

Apolisi a FBI anafufuza osapeza kanthu. Mu 1954 laibulaleyo inasindikiza kabuku kofotokoza zinthu zosowazo n'kukagawa kwa ogulitsa mabuku akale ndi osunga zakale, kuti aliyense woziona azizindikire. Panapita zaka zina 40 kuli zii.

Kumayambiriro kwa 1995 loya wina wa ku New York, polongosola chuma cha masiye cha bambo ake, anapeza timakope tinayi ndi gulugufe wa katoni. Anapita nazo ku Sotheby's, kampani yogulitsa zinthu zakale pa okushoni, kuti amuuze mtengo wake. Katswiri wa kumeneko, Selby Kiffer, anazindikira kuti ndi katundu wosowa uja n'kudziwitsa eni ake. Loyayo sanalimbelimbe, ndipo mu Febuluwale chaka chomwecho makopewo anabwerera kwawo. Akatswiri okonza mapepala akale anawasamalira, anajambula tsamba lililonse, ndipo zithunzizo zinakhala m'gulu la zinthu zoyambirira zimene laibulaleyo inaika pa intaneti, nthawi imene intaneti yeniyeniyo inali ikadakwawa. Maganizo ake anali omveka: chinthu chimene chasowa zaka 50 chisadzasowenso kotheratu, ndipo anthu achione popanda kuchigwiragwira.

1847 kapena 1854

Kope la mizere ya akapolo lija ndi limodzi mwa anayi obwererawo. Ofufuza amalitcha "Talbot Wilson", potengera mawu olembedwa mkati mwa chikuto chake. Mawuwo si dzina la munthu mmodzi ayi, koma chikumbutso cha komwe kunkakhala mnzake wojambula zithunzi, Jesse Talbot, mumsewu wa Wilson ku Brooklyn.

Emory Holloway, amene anakopera ndi kusindikiza zambiri za m'kopeli mu 1921, ankati linalembedwa mu 1847, chifukwa chaka chimenecho chimaoneka m'kopemo. Kwa nthawi yaitali anthu ankangotsatira zimenezo, ndipo kope lenilenilo litasowa panalibenso poyang'ana. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ena, monga Edward Grier, anakayikira kale, koma kope litabwerera m'pamene zinatheka kuona bwino zitsa za masamba odulidwa. Andrew Higgins, m'kafukufuku amene anatulutsa mu 2002, anaonetsa kuti Whitman poyamba ankalembamo za ndalama m'zaka za m'ma 1840, kenaka anadula masamba amenewo n'kugwiritsa ntchito otsalawo polemba ndakatulo cha m'ma 1854. Aliyense amene anathothola masamba a masamu m'kope la chaka chatha kuti alembemo zina akudziwa chimene chinachitika.

Wina anganene kuti zaka zisanu ndi ziwiri n'chiyani pa munthu amene anafa kalekale. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Ngati ndi 1847, ndiye kuti luso lakelo linakula pang'onopang'ono ngati mtengo. Ngati ndi 1854, ndiye kuti linaphulika m'miyezi yochepa buku lisanatuluke, m'chaka chimene America inkawira ndi nkhani ya ukapolo. M'chaka chimenecho nyumba ya malamulo inavomereza lamulo la Kansas-Nebraska, lotsegula khomo loti ukapolo ulowe m'madera amene unali woletsedwa. M'chaka chomwecho Anthony Burns, amene anathawa ukapolo ku Virginia, anagwidwa ku Boston n'kuyendetsedwa m'misewu pakati pa asilikali kupita ku sitima yomubwezera kwa mbuye wake. Mizere ija ikawerengedwa ndi zimenezi m'mutu, imamveka ngati munthu amene akufunafuna mawu oti agwirizanitse dziko limene likung'ambika.

Ine monga Mwafirika sindiwerenga tsamba limeneli mtima uli m'malo. Kuima pakati pa kapolo ndi mbuye wake, kuti onse akumve mofanana, ndi maloto a munthu amene sanamangidwepo unyolo. Pakati pa womenya ndi womenyedwa palibe malo apakati oti munthu aimepo mwachilungamo. Whitman sanali m'gulu la omenyera kuti ukapolo uthe nthawi yomweyo. Chimene ankadana nacho kwambiri chinali kufalikira kwake, makamaka poganizira antchito achizungu, ndipo atakalamba ananena zinthu zonyoza anthu akuda zimene sizikhululukika. Komabe m'buku la 1855 muli kapolo wothawa amene wolankhulayo akumulandira m'nyumba, kumusambitsa zilonda ndi kudya naye patebulo limodzi, mulinso thupi la munthu wogulitsidwa pamsika limene akulitama kuti palibe ndalama ingaligule. Zonsezi ndi za munthu mmodzi. Kope silimuyeretsa, silimudetsanso kuposa mmene analili. Limangotionetsa kuti ndakatulo yake yatsopanoyo inayambira pa nkhani ya akapolo, ndi kuti pofika kwa osindikiza iye anachotsa mawuwo pakhomo n'kuwasunthira m'kati.

Timakope ta m'chipatala

Awiri mwa makope obwererawo ndi a nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, ndipo amenewa ndi amene amandisunga nthawi yaitali pa sikirini.

Mu Disembala 1862 Whitman anaona m'nyuzipepala dzina lofanana ndi la mng'ono wake George pa mndandanda wa ovulala pankhondo ya ku Fredericksburg. Ananyamuka kukamusaka. Anamupeza ku Falmouth, Virginia, ali ndi bala laling'ono patsaya. Koma chimodzi mwa zinthu zoyamba zimene anaona pamsasapo chinali mulu wa miyendo, mikono ndi manja odulidwa, utaunjikidwa patsinde pa mtengo kunja kwa nyumba imene inasanduka chipatala. Sanabwererenso kukakhala ku Brooklyn. Anapeza ganyu yokopera zikalata mu ofesi yolipira asilikali ku Washington, ndipo akaweruka ankapita m'zipatala, makamaka cha Armory Square kumene ankagonekako ovulala kwambiri. Mwiniwake anadzawerengera kuti anapitako maulendo oposa 600, n'kuona odwala ndi ovulala pakati pa 80,000 ndi 100,000.

Sanali dokotala kapena namwino. Ankachita zimene kwathu kuno amachita wodikirira wodwala, kungoti odwala ake anali ana a eni. Timakope tina ankapanga yekha, kupinda mapepala angapo n'kuwabaya ndi phini kuti tikwane m'thumba. Mukatsegula chithunzi cha tsamba lotere, simupeza ndakatulo. Mupeza dzina, gulu la asilikali, wodi, nambala ya bedi, matenda kapena bala, dzina la mayi kapena mkazi ndi tauni ya kwawo. Pambali pake pali chimene mnyamatayo wapempha: uyu lalanje, uyu fodya, uyu switi, uyu pepala ndi sitampa, uyu akufuna wina amulembere kalata chifukwa dzanja lilibe mphamvu. Zilembo zake n'zothamanga, zopendekeka, zina zokwera pamwamba pa zinzake, ngati za munthu wolemba ataimirira. Polemba za timakope timeneti patapita zaka khumi, iye anati tina tili ndi madontho a magazi.

Mmodzi mwa anyamatawo anali Erastus Haskell, woimba chitoliro m'gulu la asilikali a ku New York, amene anamwalira ndi tayifodi mu Ogasiti 1863. Whitman anakhala pambali pa bedi lake mausiku ambiri, kenaka analembera makolo ake kalata yaitali yowafotokozera masiku omaliza a mwana wawo, kuti adziwe kuti sanafe yekha. Dzina ndi keyala yolembedwa mothamanga m'kope zinkathera m'makalata otere.

Pali tsamba lina la ku Falmouth limene limaonetsa bwino mmene choona ndi maso chimasandukira ndakatulo. M'mawa kutangocha, kunja kwa tenti ya chipatala, anaona mitembo itatu pa machira, uliwonse utafundikidwa bulangete. M'kope akulemba kuti anavundukula umodzi n'kuona nkhope ya mnyamata, yodekha ndi yachikasu, ndipo mumtima anati nkhope imeneyi ndi ya Khristu wakufa. Ndakatulo imene inatuluka m'buku la Drum-Taps mu 1865 ikuvundukula onse atatu, mmodzimmodzi: woyamba bambo wachikulire wa imvi, wachiwiri mwana wamasaya osakhwima, wachitatu yekha ndiye wa nkhope ya Khristu. Kope lili ndi chimene chinamugunda pamtima m'mawa umenewo. Ndakatulo yawonjezera masitepe awiri kuti wowerenga afike pankhope yachitatuyo atakonzeka. Amene amaphunzira kulemba angaphunzire zambiri poika masamba awiriwa pambalipambali kuposa pomvera malangizo a chaka chonse. Ndipo amene amati wolemba ndakatulo ndi wabodza aone apa kuti chowonjezeracho sichinachotse choonadi cha m'mawa uja.

Zimene zili pa sikirini

Munthu akatsegula kope lotere pa intaneti amakumana ndi zinthu zitatu zosiyana, ndipo n'kofunika kusazisokoneza. Choyamba ndi chithunzi cha tsamba. Chachiwiri ndi mawu otayipidwa, amene munthu wina anakopera kuchokera pachithunzicho. Chachitatu ndi kufotokoza kwa osunga: nambala ya bokosi, chaka chimene akuganiza kuti linalembedwa, kukula kwa pepala, ndi ndakatulo imene mawuwo anadzalowamo. Chithunzi ndicho mboni. Zinazo ndi maganizo a anthu, ophunzira ndithu, koma okhoza kulakwa monga anachitira Holloway.

Ntchito yaikulu yokopera ndi kulumikiza zidutswa yachitika ku Walt Whitman Archive, imene Kenneth Price ndi Ed Folsom anayambitsa mu 1995 ndipo tsopano ili ku University of Nebraska-Lincoln. Iwo amasonkhanitsa zithunzi zochokera m'malaibulale onse aja, kotero masamba amene anzake atatu aja anawalekanitsa mu 1892 amakumananso pa kompyuta. Pokopera salemba mawu okha. Amaika zizindikiro zouza kompyuta kuti liwu ili linakhwatchidwa, ili linalowetsedwa pamwamba pa mzere, apa pepala linamatidwa pa linzake, apa sipakuwerengeka. Njira imeneyi imatchedwa TEI, ndipo ndi imene imachititsa kuti mawu okhwatchidwa aoneke ndi mzere pakati pomwe owonjezera akuoneka mosiyana. Library of Congress nayo, kuwonjezera pa mapepala a Harned, inaika pa intaneti gulu lalikulu kwambiri limene Charles Feinberg wa ku Detroit anasonkhanitsa, la zinthu pafupifupi 28,000. Mu 2019, pokumbukira zaka 200 chibadwire Whitman, inapempha anthu wamba kuti athandize kukopera masamba ake kudzera m'ndondomeko yotchedwa By the People: wina atayipa, wina aunika, kenaka mawuwo amalowa m'kaundula.

Kukoperaku si ntchito yongokongoletsa. Bokosi lofufuzira la pa intaneti siliwerenga pensulo; limapeza mawu okhawo amene wina anatayipa. Tsamba losakoperedwa lilipo, koma simungalipeze polemba liwu, muyenera kulifikira potsegula tsamba ndi tsamba.

Kuwerenga dzanja la Whitman kumafuna kuzolowera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Njira imene inandithandiza ndi kuyamba ndi chithunzi chokha, kuyesa mizere itatu kapena inayi, kenaka n'kuyang'ana zotayipidwa kuti ndione pomwe ndaphonya. Mukayamba ndi zotayipidwa, maso amangoona zimene auzidwa. Muzindikiranso kuti kukhwatcha kwake n'kwamitundu iwiri. Mzere wopingasa pa liwu ndiko kulikana. Koma mzere wotsika kuchokera pamwamba mpaka pansi pa ndime yonse kawirikawiri umatanthauza kuti ndimeyo waikopera kale kwina, ngati mmene wogulitsa m'grosale amadulira dzina la wangongole amene walipira. Wosadziwa angaganize kuti mlakatuli anataya ndime imene kwenikweni ndiyo anaikonda. Masamba ena analembedwa kope litatembenuzidwa, kuyambira kumapeto, choncho tsamba lotsatira pa sikirini si nthawi zonse limene linatsatira m'mutu mwa wolemba.

Pali zimene chithunzi chimabisa. Pa foni, kakope ka m'thumba ndi pepala lalikulu la mu ofesi zimaoneka zofanana kukula, pomwe kufupika kwa tsamba kumakhudza malo amene mzere ukuthyokera. Simungamve makulidwe a pepala, simungaliunike padzuwa, simungaone bwino timabowo ta phini timene timauza akatswiri kuti masamba awa anali pamodzi. Zithunzi zoyambirira za m'ma 1990 sizinalinso zakuthwa ngati za masiku ano. Ndiye pali nkhani ya bandulo: zithunzi zikuluzikulu zimadya ndalama, ndipo wanzeru amayamba waona tizithunzi tating'ono n'kusankha masamba ochepa oti akulitse.

Nthawi zina ndimadzifunsa ngati n'koyenera kusuzumira chonchi m'zinthu zimene munthu sanatilembere ife. M'kope lina la 1870, Whitman akudzilangiza mwaukali kuti aleke kuthamangira munthu wina amene akumutcha ndi manambala okha, 16 ndi 4. Chilembo cha 16 mu alifabeti ya Chingelezi ndi P, chachinayi ndi D, ndipo ofufuza ambiri amavomereza kuti ndi Peter Doyle, kondakitala wa ngolo zokokedwa ndi akavalo ku Washington amene anali mnzake wapamtima. Pa tsamba lomwelo, liwu la Chingelezi loloza mwamuna linafufutidwa n'kulembedwapo loloza mkazi, koma zoyambazo zikuonekabe pansi pake. Munthuyu ankadziwa kuti tsiku lina wina adzatsegula kopelo, ndipo ankaopa. Anali ndi chifukwa: mu 1865 nduna ya za m'dziko, James Harlan, inamuchotsa ntchito ya ukalaliki itapeza mu desiki yake buku la Leaves of Grass lodzaza ndi zokonza pamanja n'kuliona ngati lolaula. Buku lenilenilo, limene amalitcha Blue Book chifukwa cha chikuto chake, lili ku New York Public Library. Yankho langa n'lakuti Whitman anawotcha mapepala ena ali moyo, koma awa anawasunga n'kuwasiyira anthu amene ankadziwa kuti adzawaonetsa. Tingawerenge, koma ngati mlendo amene walowetsedwa kuchipinda cha mwini nyumba, osati ngati wofufuza mlandu.

Gulugufe uja

Chithunzi china chodziwika kwambiri cha Whitman, chojambulidwa ku Philadelphia chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870, chimamuonetsa atakhala chammbali, ndevu zoyera mbuu, chipewa kumutu, gulugufe atatera pa chala chake. Ankachikonda kwambiri moti anachiika kumayambiriro kwa mabuku ake ena, ndipo ankauza anthu kuti gulugufeyo anali wamoyo, kuti iye anali ndi luso lozoloweretsa tizilombo. Gulugufe amene anasowa limodzi ndi makope khumi aja, n'kubwerera mu 1995, ndi yemweyo: katoni wodulidwa bwino, wopakidwa mitundu, womangirira kuchala ndi kawaya. Pamapiko pake panasindikizidwa mawu a nyimbo ya Isitala.

Munthu yemwe anakhala mausiku pambali pa Erastus Haskell ndi yemweyo anavala gulugufe wa katoni kuti dziko limuone ngati bwenzi la chilengedwe. Anali wosindikiza, ankadziwa kuti chithunzi chimagulitsa buku, ndipo mu 1855 analembanso yekha ndemanga zoyamikira buku lake n'kuzitulutsa m'nyuzipepala popanda dzina. Sindimuda nazo. Chimene chimandikhudza n'chakuti gulugufeyo sanamutaye. Anamusunga pakati pa mapepala ake mpaka imfa, limodzi ndi timakope ta magazi, ndipo lero laibulale inamujambula monga inajambulira masamba a ndakatulo.

Makope asanu ndi limodzi mwa khumi aja sanabwererebe. Zina mwa zimene zinalembedwamo zimadziwika kudzera m'zimene Holloway ndi ena anakopera nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe, komanso m'zithunzi zakale za masamba ena, ndipo ofufuza amagwiritsa ntchito zimenezo podziwa kuti akuwerenga ndi maso a munthu wina. Anayi aja anakhala zaka pafupifupi 30 m'nyumba ya munthu amene anawalandira ngati mphatso, mpaka mwana wake atatsegula katundu wa malemu.